Ngolo ya Boti la a Barnaba

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa, mano onse aonekere, chifukwa kumene tikupitaku kulibe choseketsa. Ndikunena inu a pamsika wa Tsoka, inu ogulitsa mabawuti adzimbiri ndi nsapato za phazi limodzi, amene tsiku lija munandidula pakamwa n'kumati, "A Lufeyo, bodza linalo muzisungirako mawa." Lero ndachita kulemba kuti pasapezeke wondidula. Ndikulumbira pali malemu mayi anga amene ali chigonere ku Ntchisi: ine, ndi manja awiri omwewa, ndinapanga ngolo yonyamula boti la matanga lalikulu kuposa tchalitchi, muno mu Lilongwe momwe mulibe nyanja. Wotsutsa aimirire, atchule kumene anali chaka chimenecho. Ambiri a inu munali musanabadwe, enanu munali kumsana kwa amayi anu mukunyowetsa nsalu.

Zinali zaka zimene boma linkasamuka ku Zomba. Ine ndinali nditangofika kuchokera koyenda, pakuti mapazi angawa sadziwa kukhala: ndinakhomako zidebe ku Beira, ndinawotchererako zitsulo ku migodi ya ku Kitwe, ndinakonzako njinga ku Mbeya mpaka Chiswahili chinanditsamwa, ndipo zonsezi palibe anandiphunzitsa, sukulu ndinangoidutsa kuseri ndikuthamangitsa mbuzi. Nditamva kuti kwathu akumanga mzinda watsopano patchire ndinati ndikaone ndi maso. Ndinapeza fumbi. Fumbi lofiira, lolemera, loti ukayasamula umatseka pakamwa muli njerwa, ndipo m'fumbimo malole ochokera ku Zomba ankalowa tsiku lonse atasenza matebulo, makabati ndi mafayilo, pamwamba pa mafayilopo makalaliki ali tsonga ndi mataye awo, nkhope zitayang'ana kumene achokera, ngati ng'ombe zopita kokaphedwa. Anthu amenewo anazolowera phiri, timitsinje tozizira ndi nkhungu ya m'mawa. Kuno anawatsitsa pachidikha chopanda mthunzi n'kuwapatsa malo okhala ndi manambala m'malo mwa maina. Ndayenda ine, koma sindinaonepo mzinda wina wobadwa uli wokalamba kale.

Ndinkagona ku Old Town, kuseri kwa shedi ya Che Jafali, Myao wogula ndi kugulitsa zitsulo zakutha, amene analinso ndi lole yakale yopanda zitseko. Tsiku lina masana panafika mkulu wina atavala jekete lakuda padzuwa loswa mtengo, woonda, milomo yotuwa, akupuma ngati mvukuto wobooka. Anati dzina lawo ndi a Barnaba, kalaliki wamkulu wa mu ofesi ina ya boma, kwawo ku chilumba cha Chizumulu.

"Ndamva kuti pano pali mmisiri wosakana ntchito," anatero.

"Mwam'peza, bambo. Chathyoka n'chiyani?"

"Chathyoka ndine, koma chimenecho simungachithe. Tiyeni mukaone china."

Tinapita ku Area 12, kumene nyumba zinali zitangomangidwa, iliyonse payokha pakati pa bwalo lalikulu ngati munda wa fodya, moti mnzako wa mpanda wina atafuula kuti akupsa, iwe umamva mawa lake. Titalowa pageti ndinakweza maso, chipewa chinagwa. Mukumva? Kuseri kwa nyumba kunali boti, osati bwato wa asodzi wosema pamtengo umodzi ayi, chiboti cha matabwa chokhala ndi mlongoti wautali woti akhwangwala ankapumira panjira asanafike pansonga, kunsi kwake kuli chipsepse chachitsulo cholemera ngati gulu la njovu. Analipanga okha a Barnaba. Bambo awo anali mmisiri wa maboti, ndipo iwo, akazi awo atawasiya m'nthaka ya ku Zomba, ana atabalalika, anafika m'nyumba yatsopanoyo n'kupeza kuti mulibe woti n'kumupatsa moni, ndiye akaweruka ankatola matabwa a mabokosi onyamulira mafayilo aja n'kumakhoma, kukhoma, kukhoma, kuti amveko phokoso. Thanga lake anasoka ndi makatani onse a m'nyumbamo, mabulangete ndi matumba a simenti, ndipo tsiku limene anayesa kulikweza kunada bii mpaka ku Area 15, nkhuku zinalowa m'makola, alonda n'kuyamba ntchito dzuwa lili paliwombo.

Tinakhala pansi pa mimba ya botilo, pamthunzi. A Barnaba anadikira kuti mpweya ubwerere, kenako anati, "Adokotala akuti mtima wanga watupa, sufika Khirisimasi. Kufa sindikuopa, amisiri. Ndikuopa kufera pafumbi. Mundifikitse ku Salima ndili moyo, boti ili likhudze madzi, ndigwire chiwongolero ndi dzanja langali. Kuchokera apo mphepo ikudziwa kwathu."

Ndinayang'ana boti, ndinayang'ana munthu, ndinaona kuti chimodzi chikhoza kudikira zaka koma chinacho ayi. Ndinati, "Bambo, konzani chikwama. Ngolo ndipanga."

Tsono imvani mmene ndinaipangira, inu amene mumatcha wilibala galimoto. Chitsulo chatsopano munalibe mumzinda monse, chilichonse chinkamezedwa ndi nyumba zosanjikizana za ku City Centre, ngakhale msomali unkayenda ndi wouperekeza. Ndinatsika ndi msewu wa ku Zomba wapansi, kumene malole otopa anafera m'mapiri a Dedza, ndinachotsa matayala onse amene anali ndi kampweya, ndinawaimika pamsewu n'kuwakusa ndi mluzu ngati mbuzi, aakulu patsogolo, aang'ono pambuyo, limodzi losamva linathawira kuthengo ndipo ndinalipeza likumwa madzi ku Linthipe. Maekiselo ndinazula ku akatapila akufa. Masipuling'i ndinapempha ku mabedi a makalaliki, ndipo anandipatsa osawiringula, ati chichokere ku Zomba tulo sitinabwere, bedi ndi lachiyani. Chinatsala ndi msana wa ngolo, mitanda italiitali yoti isenze chinthu chonsecho, ndipo apa ndi pamene panalowera a Mbewe.

A Mbewe anali mlonda wa a Barnaba, akazi awo a Nabanda ndiwo ankachapa ndi kusita m'nyumbamo. Mudzi wawo unali pamalo omwewo asanawasamutse kuti pamangidwe mzinda, moti bamboyo ankalondera geti loima pamene kale panali nkhokwe ya amayi ake. Ananditengera kuseri kwa mipanda, kukhwawa, kumene akatapila anakankhirako mitengo ya m'mudzimo. Inali milombwa, yowongoka, yaitali, itagona mulu ngati anthu ophedwa pankhondo, ikutulukabe madzi ake ofiira aja onga magazi.

"Iyi ndinkasewera pansi pake," anatero a Mbewe. "Tengani. Bola ipite kunyanja kusiyana n'kuti idyedwe ndi chiswe ndikuona."

Che Jafali atabwera ndi lole kudzakoka anakanda khungwa ndi chikhadabo, anapukusa mutu. "Achimwene, mtengo wauwisi sapangira ngolo. Udikireni uume."

"Mtengo ungadikire, Che Jafali. Mtima wa mkulu uja ndi umene sudikira."

Anangoti, "Walahi, ine ndanena," n'kumanga tcheni.

Tepi yoyezera ndinalibe, boti ndinaliyeza ndi chifuwa, kulikumbatira kuchokera kumphuno mpaka kumchira, ndipo muyeso wake ndinausunga m'nthiti. Milombwa ndinaisema ndi nkhwangwa imodzi mpaka nkhwangwayo inatha n'kusanduka lumo, n'kumetera ndevu. Makina owotcherera kunalibe, ndiye ndinatenga galasi la nyali ya lole, ndinakola nalo dzuwa la Okutobala, masipoko a njinga n'kukhala ndodo zowotcherera, ndipo ndinalumikiza chitsulo ndi mtengo, chinthu chimene azungu mpaka lero chikuwakanika, moti sukanatha kuloza pamene chitsulo chathera ndi pamene mlombwa wayambira. Mabawuti ndinamanga ndi mano chifukwa sipanala inali yofewa, n'chifukwa chake mbali inoyi mulibe dzino, inu mumati ndi kachasu. Pokhalira boti ndinapakowa ngati manja a mayi, n'kuyalapo matayala odula ndi ziguduli kuti lisanyuke. Pakati ndinaikapo mfundo kuti izikhota ngati bongololo. Matayala ake ndinayamba kuwerenga, ndinatopa, ndinasiya. Kutalika kwake musafunse: ndikakhala kutsogolo n'kufuna hamala imene yatsala kumbuyo, a Mbewe ankapalasa njinga, pobwera nayo ine nditaiwala chimene ndinaifunira. Mukumva?

Masiku onsewo a Barnaba ankakhala pakhonde atafunda bulangete, akuona. Mapazi anayamba kutupa, nsapato zinakana. Sankandifulumiza, anali munthu waulemu woopsa, woti ukamuponda iye ndiye amapepesa. Ankangoti, "Amisiri, zikuyenda?" Ine n'kumati zikuyenda, uku ndikumva mpweya wawo ukulira ngati chitseko chadzimbiri kuchokera pakhonde mpaka pamene ndinali.

Tsiku lokweza boti anthu anati tiitane makina onyamulira a ku City Centre. Ndinati makina ali ndi ntchito yawo. Ndinavula malaya, ndinalowa kunsi, ndinaika msana pachipsepse chija n'kuti hii, miyendo inalowa m'nthaka mpaka m'chiuno, boti linanyamuka, Che Jafali anabweza ngolo chafutambuyo, ndinalitula mwakachetechete ngati dzira, ndipo maenje awiri amene mapazi anga anasiya anasanduka zitsime zimene anyamata a m'maluwa a ku Area 12 anathirira kapinga zaka zambiri. Linakhala bwino botilo. Linakhala ngati linabadwira pomwepo.

M'mawa wa ulendo a Barnaba anasamba, anavala malaya oyera amene a Nabanda anasita mpaka kolala inkacheka, ndipo tinawakweza ndi mpando wawo kumchira kwa boti, pafupi ndi chiwongolero. Anachigwira, anachisisita, n'kumwetulira. Kanali koyamba kuwaona mano. Tinagwetsa geti pamodzi ndi mpanda, Che Jafali analiza lole, matayala onse aja anayankhana, ndipo chinthu chonsecho chinatuluka pamsewu mwaulemu ngati mkwatibwi. Ndinaima pamwamba pa ngolo manja m'chiuno. Ndinati lero dzuwa lisanapendeke mkuluyu amva fungo la usipa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tisanapite patali kumwamba kunachita mdima, kunagunda kamodzi, chizimalupsa chinagwa, kamvula kaja koyamba kongozimitsa fumbi. Sikanakhalitse. Koma milombwa ija, imene inali itamva ludzu chigwetsereni, itangolawa madziwo ndinamva pansi pa mapazi anga kuti tsetsetse, ndinayang'ana, ndinaona timaso tikutuluka m'khungwa, timaso tija n'kukhala mphukira, mphukira n'kukhala nthambi, ndisanameze malovu ngolo yonse kuchokera kumphuno mpaka kumchira inali biriwiri, masamba ali petupetu, ena atakwera mpaka kutsogolo kwa lole.

Inu mukudziwa tanthauzo la masamba pagalimoto.

Woyamba anali bambo wina wa panjinga atanyamula mtolo wa nkhuni. Anatsika, anavula chipewa, anaima pambali mutu uli pansi, ndipo titadutsa anatembenuza njinga n'kuyamba kutitsatira akukankha. Kenako amayi awiri ochokera kotunga anatula ndowa, anamanga nsalu m'chiuno, analowa pambuyo. Alonda anatuluka m'mageti, ophika anatuluka ndi maapuloni awo, anyamata a m'maluwa anasiya mipope ikutayira. Wina anayang'ana boti n'kunong'oneza mnzake kuti, "Bokosi lalikulu chonchi, wagonamoyo si munthu wamba." Mnzakeyo anavomera ndi mutu. Palibe anafunsa kuti wamwalira ndani. Pamaliro safunsa, n'zamanyazi, aliyense amaganiza kuti yekhayo ndiye sanamve uthenga, ndiye amangolowa m'gulu nkhope ili gwaa ngati malemuyo ankadya naye mbale imodzi.

Ndinathamangira kutsogolo. "Che Jafali, pondani mafuta! Imbani hutala!"

"Hutala pamaliro, achimwene? Ine ndinaleredwa."

"Palibe maliro apa! Mukudziwa inu!"

"Ine ndikudziwa. Awa ali kutsogolo kwa lolewa akudziwa? Ndiwagunde?"

Kunalidi anthu kutsogolo, amayi a mvano atandanda mizere iwiri, atayamba nyimbo yapansipansi, akuyenda mwa kachitsotso kaja koti phazi lina limapempha chilolezo kwa linzake. Ndinakwera pa lole, ndinafuula kuti abale inu, kuno kulibe zovuta, ili ndi boti, tikupita kunyanja, mwini wake ali moyo uyo wakhala apoyo. Gogo wina wa ndevu zoyera anandiyang'ana mwachisoni n'kuti, "Mgwireni mwanayo, chisoni chamuzunguza mutu." Amayi anayi anandigwira, anandikhazika pansi, wina akundipukuta kumaso ndi nsalu yake, ati limbani mtima achimwene, tonse ndi njira yomweyo. Ndinapulumuka, ndinayamba kuthyola masamba ndi manja onse awiri, koma ndikathyola limodzi pankatuluka awiri, ndikathyola nthambi pankatuluka chitsamba, ndipo anthu poona ine ndikulimbana ndi masamba anati taonani mmene chamupwetekera, n'kuyamba kulira mokweza.

Amene anabuma koyamba ndi a Nabanda. Iwo ankadziwa zonse, malaya oyera aja anasita okha, koma ataona mitengo ya kwawo ili ndi masamba kachiwiri, ikuyenda pamsewu kuchoka, anagwira kumutu n'kuti, "Mayo ine, mudzi wa amayi anga!" A Mbewe anati awatonthoze, nawonso anayamba. Basi, moto unagwira udzu.

Pofika pa raundabauti yoyang'ana ku City Centre tinali tikuyenda mochedwa kuposa nkhono yodwala. Omanga nyumba anationa ali pamwamba, ndipo kwathu kuno maliro akamadutsa khasu limagona, ndiye anatsika onse, anasiya simenti ikuuma m'mawilibala, njerwa zili m'malere, khoma lina litafika pawindo. M'maofesi munatuluka makalaliki, mataipisiti, mamesenjala ndi njinga zawo, mabwana atavula magalasi. Ena anawazindikira a Barnaba pamwamba paja, atakhala pampando ndi bulangete, ndipo anati, "Ndi anamfedwa awo. Sore, abwana afedwa." Anaika makwerero a omanga nyumba pambali pa boti, anayamba kukwera mmodzimmodzi, kugwada, kuwagwira dzanja.

"Pepani, bambo. Pepani kwambiri."

Ndipo a Barnaba, munthu amene moyo wake wonse sanachititsepo mnzake manyazi, akanatani? Akanauza munthu wogwada ndi misozi kuti wanamizidwa ndi masamba? Ankangoti, "Zikomo, mwabwera. Zikomo, mwatiyendera." Dzanja lamanja likupereka moni, lamanzere lili pachiwongolero. Nditakwera anandikodola, anandinong'oneza kuti, "Amisiri, anthuwa atha liti?" Ndinayang'ana mzere, unali utakhota kuseri kwa nyumba zosatha zija, kutsika ku Lingadzi, kuoloka, kulowera ku Old Town, kumene amwenye anali atatseka masitolo ndipo anzake a Che Jafali ankabwera ndi zikofiya zawo. Ndinati atha posachedwa.

Maliro n'kulirana, akulu anatero, koma tsiku limenelo aliyense ankalira ake. Ndinkawamva ndikudutsa pakati pawo. Kalaliki wina ankatchula mtengo wa mapeyala umene anausiya ku Zomba utayamba kubereka. Mayi wina ankaitana mwana wake amene anamuika kumeneko, manda opanda wolambula. A m'midzi yosamutsidwa ankatchula madimba awo, zitsime zawo, ndi njira zimene tsopano zinkathera pampanda wa munthu. Omanga ankalira akazi amene anawasiya ku Mzimba ndi ku Nsanje. Chisamukireni palibe anapatsidwa tsiku loti alire, aliyense anangouzidwa kuti nyamula, kwera, tsika, saina apa, ndiye misozi ya mzinda wonse inali itadikira pakhosi, ndipo ngolo yanga ndiyo inachotsa chotsekera. Musandifunse ngati ine ndinalirako. Fumbi linandilowa m'maso.

Misozi ija inayamba ndi kudontha, kenako inayenderera m'mbali mwa msewu, kenako inakumana pa raundabauti paja pamene panali potsika, dothi lofiira linasanduka phala, matayala anamira, lole inalira n'kuzima. Walira mvula walira matope. Milombwa itangomva matope kunsi kwake inatulutsa mizu, mizu yonenepa ngati ntchafu, inaboola phula n'kuloza pansi. Ndinalanda nkhwangwa kwa wa nkhuni uja, ndinadumphira m'madzi, ndinadula muzu, unatuluka wina, ndinadula uwo, inatuluka itatu, ndinadula mpaka m'manja munatuluka magazi osasiyana ndi a mlombwa, uku madzi akukwera, m'mawondo, m'chiuno, m'khwapa, anthu akukwera pa zidina ndi pa milu ya njerwa koma osaleka kulira, mpaka ndinamva phokoso limene sindidzaliiwala: matabwa a boti akuti kwee, kwee. Madzi anali atalikhudza. Boti linagwedezeka, linafuna kuyandama, linakoka ngati ng'ombe yomva fungo la msipu. Mukumva? Likanapita! Likanatsika ndi Lingadzi, kulowa mu Lilongwe, kugwera mu Linthipe mpaka kunyanja lokha. Koma nthambi zinali zitalikumbatira mbali zonse, ndipo zimene ine ndalumikiza sizilekana. Ngolo yanga sinataye katundu. Inagwira boti lija ngati mayi wokana kupereka mwana.

Ndinakwera pamwamba nditanyowa. Mzere wa opepesa unali utaduka chifukwa cha madzi. A Barnaba anali okha, mutu utatsamira kumpando, maso otseka, koma nkhope ikuwala, pakuti anamva kugwedezeka kuja ndi thupi lawo lonse, anamva madzi akumenya matabwa.

"Amisiri," anatero, mawu ngati ulusi. "Tafika?"

Tsono tamverani, inu amene mumanditcha wabodza. Moyo wanga wonse ndinanenapo bodza limodzi, ndipo ndi ili. Ndinati, "Tafika, bambo. Ndi Salima uyu. Gwirani chiwongolero."

Anachigwira zolimba. "Nanga akulirawo?"

"Ndi asodzi, bambo. Akuimba."

"Nditungireni pang'ono. Ndimwe a kwathu."

Ndikanatani? Ndinatsitsa chitini ndi chingwe, ndinatunga, ndinawagwiririra kumutu. Ananyowetsa milomo. Anayendetsa lilime m'kamwa. Kenako anatsegula maso, sanayang'ane madzi, sanayang'ane nyumba zosatha zija, anayang'ana ine, mopanda mkwiyo, ngati mphunzitsi woona mwana amene walakwa samu koma anayesetsa.

"Ndi amchere," anatero. "Yathu siikhala yamchere. Koma zikomo, amisiri. Mwavutika."

Dzanja linatsetsereka pachiwongolero.

Mwaona tsono? Bodza limodzi lokhalo, ndipo silinakhale ngakhale nthawi yomeza malovu. Munthu wodziwa kunama akanalephera kunamiza nkhalamba yakufa?

Ndinaimirira pamwamba pa boti, ndinafuula kuti a Barnaba atisiya. Tsopano maliro analipo enieni, mtembo ulipo, dzina lilipo. Koma anthu anangondiyang'ana, maso ofiira, ouma gwa. Misozi inali itatha. Wina anayesa kubuma, panangotuluka chifuwa. Anayamba kubalalika mmodzimmodzi, opepukidwa ngati anthu ochoka kosamba, makalaliki kubwerera ku mafayilo awo, ophika ku mapoto awo. Omanga ambiri sanabwerere pantchito: atalira akazi awo anakumbuka njira ya kwawo, mvula inali itayamba, anapita kukalima, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ku City Centre nyumba ina ili apa, ina ili uko, pakati pali tchire. Mumayesa anachita kukonza choncho? Ndi malo a nyumba zimene amisiri ake anatsatira ngolo yanga.

Madzi anaphwa tsiku lomwelo. Kwawo kunali kutali, kunyanja kunalibe njira yoti tiwafikitse thupi lisanaonongeke, ndiye tinawaika konkuno. Kumanda tinalipo ine, a Mbewe, a Nabanda, Che Jafali ataima chapatali ndi chikofiya chake, ndi mbusa wina wobwereka amene ankalakwitsa dzina. Dzenje tinakumba ine ndi a Mbewe. Pamwamba panali ponyowa, koma titangopitirira chikhatho chimodzi tinapeza fumbi lomwe lija, louma, lofiira, ndipo ndi limene tinawakwirira nalo.

Ngolo inamera pomwepo n'kukhala nkhalango. Chaka ndi chaka milombwa inkakwera, boti n'kumakwera nayo, mpaka linakhala pamwamba penipeni, mphuno italoza kum'mawa, mphepo ikawomba nsanza za thanga n'kumakupiza ngati likunyamuka. Ine sindinathe kumaliona. Ndinamanga kachikwama kanga, ndinalowera ku Tete, ndipo pobwera ndinapeza ootcha makala anamaliza zonse, matayala anthu anadula malegeni. Ndinaima pamalopo, ndinatembenuka, ndipo ndi pamene ndinaona chinthu chimene tsiku lija sindinachione chifukwa cha khamu: denga la nyumba ya a Barnaba linkaoneka bwinobwino kuchokera pamenepo. Ulendo wathu wonse wa kunyanja, munthu akanauyenda ndudu imodzi isanathe.

Mukuti umboni uli kuti? Kwerani minibasi, mukatsike pa raundabauti imeneyo, mbali yotsika, pamene udzu sumera. Mukagwade, anthu akuona, mukanyambite dothilo. Likakapanda kuwawa mchere, bwerani pa Tsoka pano mudzandilavulire kumaso, ndipo ine sindidzapukuta.